Mmene mungapezere ndi kukonza vuto la rauta ya Wi-Fi imene imangodukaduka

Rauta imene yafa kotheratu sizunguza mutu, chifukwa aliyense amaona kuti pakufunika ina. Yosautsa ndi ija imene imagwira bwino ntchito kwa mphindi 20, n'kuduka pakati pa msonkhano wa pa Zoom kapena pamene mwana akutsitsa zophunzira za kusukulu, kenako n'kubwerera yokha ngati kuti palibe chachitika. Anthu ambiri zikawachitikira zimenezi amathamangira kukagula rauta yatsopano, kapena kubaya kabatani kofufuta makonzedwe onse, asanadziwe n'komwe pamene vuto lagona, ndipo kawirikawiri ndalama zimapita vuto n'kutsala pomwepo. Malangizo awa akuyamba ndi kupeza malo enieni pamene intaneti ikudukira. Pochita zonsezi muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, mudikire tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mulembe zimene mwaona, chifukwa mukasintha zinthu zisanu pakamodzi simudzadziwa chimene chathandiza, ndipo vuto likadzabweranso mudzayambiranso pachiyambi.

Intaneti isanafike pa foni yanu imadutsa m'magawo atatu. Loyamba ndi ulendo wochokera ku kampani imene imakugulitsani intaneti kufika pa rauta, kaya kudzera pa simu khadi, pa fayiba kapena pa chingwe china. Lachiwiri ndi rauta yeniyeniyo pamodzi ndi magetsi amene akuiyendetsa. Lachitatu ndi mafunde a Wi-Fi ochokera pa rauta kufika pa foni, laputopu kapena wailesi yakanema. Kwa wogwiritsa ntchito, kuduka kwa magawo atatuwa kumaoneka chimodzimodzi, koma kakonzedwe kake n'kosiyana kwambiri.

Choyamba: ikaduka musaithimitse msanga, yambani mwaiyang'ana

Nthawi yabwino yofufuzira ndi mphindi ziwiri zomwezo pamene intaneti yaduka. Funsani a m'nyumbamo ngati yadukanso pa mafoni awo. Ngati yaduka pa chipangizo chimodzi chokha pamene zina zikuyenda bwinobwino, nthawi zambiri rauta siyolakwa, ndipo mungathe kudumphira pa gawo lonena za chipangizo chimodzi. Ngati yaduka paliponse, tsegulani mndandanda wa maina a Wi-Fi pa foni. Dzina la Wi-Fi yanu likasowa kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kenako n'kubwerera, ndiye kuti rauta yathima n'kudziyatsanso yokha, kapena mbali yake yotumiza mafunde yayambiranso. Koma dzina likamaonekabe, foni n'kumalemba kuti yalumikizika koma palibe intaneti, vuto lili pakati pa rauta ndi kampani.

Pitani pa rautapo mukaone timagetsi take. Ngati tonse tathima n'kuyamba kuyaka kamodzikamodzi monga timachitira mukangoilumikiza ku soketi, rauta yayambiranso. Ngati kagetsi kolembedwa Power ndi ka Wi-Fi tikuyakabe koma ka Internet kafiira kapena kathima, rauta ili moyo, yangotaya kumene imatenga intaneti. Lembani m'kope nthawi imene zachitika ndi zimene zinkachitika m'nyumba. Kuduka kumene kumabwera madzulo okhaokha, kumene kumabwera masana dzuwa litaswa mtengo, ndi kumene kumabwera firiji ikangolira, kulikonse kuli ndi gwero lake.

Chachiwiri: yesani ndi ping kuti mutsimikize

Ping ndi lamulo la pa kompyuta limene limatumiza kauthenga ku chipangizo china n'kuona ngati chayankha. Kuyesa kumeneku kumafuna laputopu, ndipo ndi kumene kumathetsa zongoganizira. Pa kompyuta ya Windows lembani cmd pamalo osakira, mutsegule windo lakuda lija, mulembe ipconfig n'kudina Enter. Pa mzere wolembedwa Default Gateway muona adiresi ya rauta yanu, imene kawirikawiri imakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo pa marauta ambiri a Huawei olowetsa simu khadi imakhala 192.168.8.1. Tsopano lembani ping, kenako adiresiyo, kenako -t, mwachitsanzo ping 192.168.1.1 -t. Tsegulani windo lachiwiri mulembemo ping 8.8.8.8 -t, imene ndi adiresi ya seva ya Google yomwe ili kunja kwa nyumba yanu. Ikani mawindo awiriwa moyandikana, muwasiye akuyenda pamene mukugwira ntchito zina.

Sekondi iliyonse pamatuluka mzere woyamba ndi mawu oti Reply from, ndipo chakumapeto kwake, pamene palembedwa time, pamakhala nthawi imene yankho latenga. Yankho lochokera ku rauta ya m'nyumba mwanu liyenera kubwera m'mamilisekondi ochepa chabe, nthawi zambiri osafika 10. Intaneti ikaduka muona mizere yoti Request timed out. Ngati mizere imeneyi yatuluka pa windo la 8.8.8.8 lokha pamene rauta ikuyankhabe, Wi-Fi yanu ilibe vuto, ndipo kusintha matchanelo, amene ndi tinjira timene mafunde a Wi-Fi amadutsamo, kungokutayitsani nthawi. Ngati yatuluka m'mawindo onse awiri, vuto lili m'nyumba. Zikatero lumikizani laputopu ku rauta ndi chingwe cha netiweki, muzimitse Wi-Fi ya laputopuyo, mubwerezenso kuyesako. Pa chingwe zikayenda bwino, vuto ndi la mafunde. Zikadukabe ngakhale pa chingwe, yang'anani rauta ndi magetsi ake. Mukafuna kuimitsa ping dinani Ctrl ndi C pamodzi.

Chachitatu: magetsi ndi adaputa

Pano ndi pamene ndikupempha kuti mukhalitsepo, chifukwa m'nyumba zathu zambiri magetsi amathima, amabwerera mwamphamvu, nthawi zina amabwera ofooka, ndipo chimene chimalandira nkhonya zonsezi ndi kaadaputa kakang'ono kakuda kamene palibe amene amakaganizira. Adaputa ikayamba kutha siifa tsiku limodzi. Imakhala ngati munthu amene wangochira kumene, woti akhoza kuimirira ndi kuyenda koma sangasenze thumba la chimanga. Imayatsa rauta bwinobwino, koma anthu atatu akayamba kuonera makanema nthawi imodzi rauta imafuna mphamvu yochulukirapo, adaputa imalephera kuipereka, ndipo rauta imathima n'kuyambiranso.

Umboni wake mungaupeze mu rauta momwemo. Lembani adiresi ya rauta ija mu msakatuli wa pa foni kapena pa kompyuta, mulowe ndi dzina ndi mawu achinsinsi olembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwake, musake pamene palembedwa Uptime kapena Running time. Nambala imeneyi imasonyeza nthawi imene yapita kuchokera pamene rauta inayaka komaliza. Ngati inu munaiyatsa m'mawa, magetsi sanathimepo, koma madzulo ikusonyeza mphindi 14, ndiye kuti inathima yokha mphindi 14 zapitazo.

Tembenuzani rauta muwerenge mphamvu imene imafuna, monga 12V 1A, 12V 1.5A kapena 9V 0.6A, kenako muwerenge zolembedwa pa adaputa pa mzere wa Output. Mavoti, nambala ya V ija, ayenera kufanana ndendende. Maampu a adaputa, nambala ya A ija, akhoza kuposa amene rauta ikufuna, koma asachepere. Kamutu kolowa mu rauta kakhale kothina bwino, ndipo kachithunzi kosonyeza mbali ya + ndi ya - kafanane pa zonse ziwiri. N'zofala kupeza rauta ikuyendera adaputa ya dikoda kapena ya sipika chifukwa yake inapsa kalekale, ndipo poti kamutu kanalowa, aliyense anaona ngati zatheka. Bwerekani adaputa yoyenera kwa mnzanu muiyese kwa masiku awiri musanagule chilichonse.

Onaninso pamene adaputa yalumikizidwa. Ekisitenshoni yotchipa imene mabowo ake analekerera imadula magetsi munthu akangogunda tebulo, ndipo mukaigwedeza pang'ono muona timagetsi ta rauta tikuphethira. Musaike rauta pa ekisitenshoni imodzi ndi firiji, ayironi kapena ketulo, chifukwa zipangizo zimenezi zikayamba kukoka mphamvu magetsi amatsika kwa kanthawi kochepa kamene kamakwana kuzimitsa rauta. Amene amagwiritsa ntchito sola aonetsetse ngati kuduka kukubwera usiku kapena m'bandakucha batire itafooka. Mankhwala abwino a zonsezi ndi kabatire kapadera ka marauta kotchedwa mini UPS, kamene kamakhala pakati pa soketi ndi rauta, n'kumapereka mphamvu yosasinthasintha kwa maola angapo ngakhale magetsi athime. Pogula onetsetsani kuti kakutulutsa mavoti amene rauta yanu imafuna. Nyengo ya mvula, kukamachita ziphaliwali, zulani rauta ku soketi pamodzi ndi chingwe chilichonse chachitsulo chochokera panja.

Chachinayi: kutentha

Gwirani pamwamba pa rauta ndi dzanja. Kufunda pang'ono n'kwachibadwa, koma ngati ikuotcha, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala m'nyumba ya malata yopanda siling'i, kutenthako kungaichititse kuima kapena kuyambiranso. Ichotseni pamwamba pa dikoda, m'kabati, kapena pawindo pamene dzuwa limawomba mwachindunji. Chotsani kansalu kokongoletsera kamene ena amaifunditsa, ndipo mupukute fumbi m'timabowo topumira ndi burashi youma.

Chachisanu: malo a rauta ndi matchanelo

Ngati ping yasonyeza kuti vuto ndi la mafunde, yambani ndi malo. Mafunde a Wi-Fi amafooka akamadutsa makoma a njerwa zootcha kapena a konkire, ndipo chitsulo, galasi loonerapo nkhope ndi madzi zimawatchinga kwambiri. Rauta ikhale chapakati pa nyumba, pamalo okwera ngati pa shelefu, osati pansi kuseri kwa wailesi yakanema. Ngati ili ndi timilongoti takunja, tiimikeni chilili. Pulogalamu ya pa foni za Android yotchedwa WiFi Analyzer imasonyeza mphamvu ya siginolo m'manambala okhala ndi chizindikiro chochotsera. Pa -50 dBm siginolo ndi yamphamvu, pa -67 dBm ndi yokwanirabe kuimbirana pa vidiyo, koma ikatsika kupitirira -75 dBm kudukaduka kumayamba. Yendani ndi foni chipinda ndi chipinda mukuyang'ana nambalayo, ndipo mudzaona nokha khoma limene likudya siginolo.

Marauta ambiri a masiku ano amaulutsa pa mabandi awiri. Bandi ya 2.4 GHz imafika patali ndipo imaboola makoma bwinoko, koma ndi yodzaza, chifukwa Bluetooth, ma Wi-Fi a anansi ndi mayikulowevu zonse zimagwira ntchito pomwepo. Mayikulowevu amaphika ndi mafunde a 2.45 GHz, choncho ngati intaneti imaduka wina akamatenthetsa chakudya, gwero lapezeka. Bandi ya 5 GHz ndi yothamanga ndipo siyodzaza kwambiri, koma siifika patali. Zipangizo zimene zili pafupi ndi rauta ziikeni pa 5 GHz, zakutali zikhale pa 2.4 GHz.

M'madera amene nyumba n'zothithikana, kapena m'mafulati, kusokonezana kwa matchanelo n'kofala. Pa 2.4 GHz matchanelo amene salowererana ndi atatu okha, 1, 6 ndi 11. Onani pa WiFi Analyzer imene mwa atatuwa ili ndi anansi ochepa, mulowe m'makonzedwe a rauta pa gawo la Wireless, muchotse Auto n'kusankha tchanelo imeneyo, ndipo Channel Width muiike pa 20 MHz. Pa 5 GHz sankhani tchanelo ya pakati pa 36 ndi 48. Matchanelo oyambira 52 kufika 140 amagawana mafunde ndi makina a rada, monga oyezera nyengo, ndipo rauta ikamva ngati pali rada imakakamizika kuchokapo, zomwe zimadula Wi-Fi kwa kanthawi.

Pali makonzedwe ena awiri oyenera kuwayang'ana. Ngati rauta ili ndi Smart Connect kapena Band Steering, imaphatikiza mabandi awiri aja pansi pa dzina limodzi n'kumasamutsa foni yokha, ndipo mafoni ena amaduka pa kusamukako. Izimitseni, mupatse bandi iliyonse dzina lake. Pa chitetezo, njira ya WPA3 inatuluka mu 2018, ndipo zipangizo zakale zina sizigwirizana bwino ndi rauta imene yaikidwa pa WPA2 ndi WPA3 pamodzi. Kuiika pa WPA2-PSK ya AES kumathetsa vutoli. Musabwerere ku njira yakale yofooka ya WEP kapena kuchotseratu mawu achinsinsi, chifukwa kutero n'kutsegulira aliyense wodutsa pamsewu.

Chachisanu ndi chimodzi: pamene vuto lili pakati pa rauta ndi kampani

Marauta olowetsa simu khadi ya Airtel kapena TNM ndi ofala ku Malawi, ndipo rauta yotere imakhala ndi maulendo awiri a mafunde, wina wopita ku nsanja ya netiweki ndi wina wopita ku foni yanu. Mizere ya Wi-Fi pa foni ikhoza kudzaza pamene siginolo ya ku nsanja ndi yofooka kwambiri. Musanapite patali onani ngati bandulo siinathe kapena nthawi yake siinadutse. Kenako lowani mu rauta, musake tsamba la Device Information kapena Status, muwerenge manambala awiri. RSRP imasonyeza mphamvu ya siginolo ya 4G: pafupi ndi -80 dBm ndi yabwino kwambiri, pa -100 dBm ndi yapakatikati, ndipo kutsika kupitirira -110 dBm ndi yofooka moti intaneti ikhoza kumadukaduka. SINR imasonyeza kuyera kwa siginoloyo: kupitirira 13 dB ndi bwino, ndipo ikayandikira 0 ndiye kuti phokoso lachuluka.

Nyamulani rauta muiyese pa mawindo a mbali zosiyanasiyana za nyumba, mukudikira mphindi imodzi pamalo alionse musanawerenge manambala. Kusuntha mita imodzi yokha nthawi zina kumasintha zinthu kwambiri, makamaka m'nyumba ya denga la malata. Apa pamakhala kukokanakokana, chifukwa malo abwino olandirira siginolo ya ku nsanja si nthawi zonse amakhala abwino kufalitsira Wi-Fi. Ine ndimaona kuti siginolo ya ku nsanja ndi imene iyenera kupambana, popeza Wi-Fi ya m'nyumba mungaiwonjezere ndi chipangizo china. Ngati rauta ili ndi malo omangirapo eriyo yakunja, eriyo yoikidwa padenga n'kuloza ku nsanja imathandiza kwambiri kumadera akutali. Onaninso Network Mode. Ikakhala pa Auto m'dera limene siginolo ili pamalire, rauta imadumphadumpha pakati pa 4G ndi 3G, ndipo kudumpha kulikonse kumadula intaneti. Iikeni pa 4G only muone ngati ikhazikika. Zimitsani rauta, mutulutse simu khadi, muipukute ndi kansalu kouma, muibwezere bwino. Ngati manambala ali bwino koma liwiro limagwa madzulo okhaokha, nsanjayo ikuchulukiridwa anthu, ndipo zimenezo simungazikonze muli kunyumba.

Amene ali pa fayiba ayang'ane kabokosi kamene chingwe cha fayiba chimalowamo. Kagetsi kolembedwa LOS kakafiira kapena kuphethira, kuwala kumene kumanyamula intaneti mu fayiba sikukufika bwino, mwina chifukwa chingwe chapindika kwambiri, chaphwanyidwa ndi chitseko kapena chaduka panja. Musachikoke, musachipinde, ndipo musayang'ane kunsonga kwake ndi maso. Imbirani kampani. Chingwe cha netiweki cholumikiza kabokosiko ndi rauta chikhalenso chothina. Ngati kapulasitiki kogwirira kumutu kwake kanathyoka, sinthani chingwe chonse ndi cha Cat5e kapena Cat6.

Chachisanu ndi chiwiri: ngati chikuduka ndi chipangizo chimodzi

Pa foni, lowani pa dzina la Wi-Fi, musankhe Forget, kenako mulumikizenso polemba mawu achinsinsi mwatsopano, ndipo muzimitse njira yosungira batire kuti muone ngati ndi imene imadula. Pa laputopu ya Windows tsegulani Device Manager, mulowe pa Network adapters, musankhe khadi ya Wi-Fi, ndipo ngati pali tsamba la Power Management muchotse chizindikiro pa mzere umene umalola kompyuta kuzimitsa khadiyo pofuna kusunga mphamvu. Ikani dalaivala yatsopano, yomwe ndi pulogalamu yoyendetsa khadiyo, yochokera pa tsamba la kampani imene inapanga laputopuyo.

Chachisanu ndi chitatu: rauta yachiwiri ndi alendo osaitanidwa

Anthu ena amalumikiza rauta yakale kuti Wi-Fi ifike kuchipinda chakumbuyo, koma osazimitsa DHCP yake, yomwe ndi mbali imene imagawira zipangizo maadiresi. Zikatero marauta awiri amagawa maadiresi m'nyumba imodzi, ndipo foni imatha kulandira adiresi yolakwika kapena yofanana ndi ya chipangizo china. Zimitsani DHCP pa rauta yachiwiri, kapena muiike pa Access Point ngati ili ndi njira imeneyo. Mukaona kuti kompyuta yadzipatsa adiresi yoyamba ndi 169.254, dziwani kuti siinalandire adiresi iliyonse kuchokera ku rauta.

Tsegulaninso mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, muwerenge ngati zonse mukuzidziwa. Mawu achinsinsi amayenda msanga, makamaka popeza mafoni ambiri amalola kugawana Wi-Fi ndi kachizindikiro ka QR. Timarauta ta m'thumba timalandira zipangizo zochepa, ndipo malire akakwana chipangizo china chimalephera kulumikizika. Sinthani mawu achinsinsi, muzimitse WPS, njira yolumikizira chipangizo popanda kulemba mawu achinsinsi, ndipo mukumbukire kuti foni imodzi imene ikukweza zithunzi ndi makanema ku Google Photos ikhoza kutsamwitsa intaneti ya nyumba yonse ngakhale palibe chimene chawonongeka.

Chomaliza: firmware, kufufuta makonzedwe ndi kuimbira kampani

Firmware ndi pulogalamu imene imayendetsa rauta, ndipo opanga ake amatulutsa yatsopano pokonza zolakwika. Marauta ena amaisaka okha mukadina Check for updates. Kwa ena muyenera kuitsitsa pa tsamba la kampani yopanga, mutawerenga bwino nambala ya mtundu wa rauta ndi ya kapangidwe kake, monga V2 kapena V3, pa kapepala ka kunsi kaja. Chitani zimenezi laputopu italumikizidwa ndi chingwe, pa nthawi imene mukukhulupirira kuti magetsi sathima, chifukwa akathima ntchitoyi ili mkati rauta ikhoza kufa osadzukanso.

Kufufuta makonzedwe onse kubwere pamapeto penipeni. Musanatero jambulani ndi foni masamba onse a makonzedwe, ndipo mulembe APN, dzina limene rauta imalumikizira ku netiweki ya kampani, ngati ndi rauta ya simu khadi, kapena dzina ndi mawu achinsinsi a PPPoE, olowera pa intaneti ya kampani, ngati inakupatsani. Ngati rauta ndi ya kampani, yambani mwawafunsa. Kenako bayani kabatani ka Reset ndi kawaya kwa masekondi pafupifupi 10 rauta ili choyaka, muikonzenso ndi manja m'malo mobwezeretsa makonzedwe akale amene mwina ndi amene anali ndi vuto.

Ngati kuyesa kwanu kwasonyeza kuti vuto lili kunja kwa nyumba, imbirani kampani muli ndi kope lija m'manja. Auzeni masiku ndi nthawi zimene intaneti inaduka, kuti rauta inkayankha ping pamene 8.8.8.8 siinkayankha, manambala a RSRP ndi SINR kapena mtundu wa kagetsi ka LOS, ndipo mupemphe nambala ya dandaulo lanu. Dandaulo likakhala nthawi yaitali osayankhidwa, mungalipititse ku bungwe loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti, lomwe ku Malawi ndi MACRA, ndipo ku Zambia ndi ZICTA. Koma ngati rauta ili pa adaputa yabwino, pamalo ozizira, ili ndi firmware yatsopano, mwafufuta makonzedwe, n'kumathimabe yokha kapena kusiya kuyankha ping ngakhale pa chingwe, yatha ntchito. Pogula ina sankhani ya mabandi awiri, ya Wi-Fi 5 kapena Wi-Fi 6, ndipo ngati ndi yolowetsa simu khadi funsani wogulitsa ngati imalandira simu khadi ya kampani iliyonse kapena inatsekeredwa ku kampani imodzi.